Kabokosi ka Nangozo

Cha m'ma naini koloko m'mawa, dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kufewetsa phula la msewu wopita kunyumba yachifumu, ndipo kunalibe kamphepo ngakhale kogwedeza tsamba. Mu Ufumu wa Zilichoncho kutentha kotere sikunali nkhani, popeza Nduna ya Zanyengo inali italengeza kuti chaka chimenecho kukhala kozizirira bwino. Anthu ankangopukuta thukuta mwaulemu.

M'mawa umenewo a Zakeyu Kamtedza, okhoma zidebe pa msika wa Tangopirira, anavala jekete n'kupita ku ofesi ya kalembera kukanena kuti akazi awo, Nangozo, amwalira. Anatsirizika m'bandakucha, atadwala kuyambira nthawi yokolola. Nthambi zinali zitaikidwa kale pamsewu, amayi anali atalowa m'nyumba, adzukulu atanola makasu. Chinatsala ndi chikalata chimodzi chololeza kukumba manda. Manda a mumzinda anali ndi mpanda ndi wapolisi pachipata, ndipo Nangozo anali atapempha kuti adzagone mmenemo, pafupi ndi mwana wawo wamkazi amene anatsogola kalekale. Sanapemphenso china.

Kuti munthu amvetse zimene a Zakeyu anakapeza ku ofesiko, ayenera kudziwa kaye za Tebulo.

Tebulo Lalikulu la Ufumu silinali la matabwa. Linali m'kompyuta, m'kati mwa pulogalamu imene maofesi onse a boma ankagwiritsa ntchito, ndipo linali ndi mizere yopingasa ndi yotsika, yopanga timabokosi tambirimbiri. Munthu aliyense anali ndi mzere wake: kabokosi ka dzina, ka mudzi, ka ntchito, ndi kena kolembamo ALIPO kapena WAMWALIRA. Milatho ndi zitsime nazo zinali ndi mizere yake. Chikalata chilichonse cha boma chinkachokera mmenemo. Makina ankayang'ana kaye kabokosi, akakhutira n'kusindikiza.

Vuto linali lakuti aliyense wokhala ndi kompyuta ya boma ankatha kulemba m'kabokosi kalikonse. Nduna zinazindikira zimenezi msanga kuposa mmene zinkazindikirira zinthu zina. Nduna ikapita kukadya nkhomaliro, inkabwerako n'kupeza kuti kabokosi kake ka ntchito kalembedwa kuti "wopuma". Nayo inkadikira kuti mnzake atuluke kukataya madzi. Inafika nthawi yoti nduna zonse zinkadyera pa desiki ndipo zinasiya kumwa tiyi. Sabata ina ufumu unadzuka uli ndi nduna zamisewu zinayi popanda ya zamadzi, ndipo kumsika sanaone kusiyana. Koma tsiku lina munthu wosadziwika, kapena chigongono chabe cha kalaliki wosinza, anawonjezera mawu akuti "wogwirizira" m'kabokosi ka Mfumu Mwandimva Wachitatu.

Bwalo linakumana tsiku lomwelo. Anaitana mayi Elube Kanyumbu, amene anaphunzira kulemba mapulogalamu ndipo ndiwo ankasamala kachigawo ka pulogalamu kamene munali Tebulo. Mfumu inawalamula kuti akiye kabokosi kake.

Mayi Elube anagwada n'kufotokoza mmene zinthuzi zimayendera. Anati kabokosi kalikonse kamabadwa ndi loko wake, koma lokoyo sagwira mpaka tebulo lonse litatetezedwa. Ukangoteteza tebulo, maloko onse amagwira nthawi imodzi. Choncho ntchito yeniyeni si kusankha timabokosi toti tikiyidwe, koma kusankhiratu toti tisiyidwe totsekula, kuti makalaliki azitha kulembamo.

Mfumu inawauza kuti abwereze poyambirira paja. Atabwereza, inati mfundo yoti chinthu chimabadwa ndi loko wake ikugwirizana ndi mmene iyo yakhala ikuonera anthu ake, ndipo inalamula kuti iziphunzitsidwa m'sukulu.

Kenako anayamba kukambirana toti tisiyidwe totsekula. Mayi Elube anatchula timabokosi ta obadwa, ta omwalira, ndi ta mmene milatho ilili. Nduna ya Zaumoyo inaimirira n'kulankhula nthawi yaitali. Inati chitseko chotsekula chimaitana mlendo, ndipo umboni ulipo: zaka zonse zimene kabokosi ka omwalira kakhala kotsekula, anthu akhala akumwalira tsiku ndi tsiku. Palibe anatsutsa, chifukwa zinali zoona. Nduna ya Zamisewu, imene inatsala mwa zinayi zija, inapempha kuti milatho ikiyidwe ikadali pa ULIPO, mvula isanayambe. Pasanapite nthawi, kukhala ndi kabokosi kotsekula kunasanduka chinthu chamanyazi, ngati kuyenda mumsewu zipi ili pansi. Nduna iliyonse inalumbira kuti ntchito yake inafika pabwino posafunikanso kusintha.

Anali a Ndavomera, Nduna Yaikulu, amene anakumbutsa bwalo za kabokosi kotsiriza pa mzere wa munthu aliyense, kabokosi ka Zothokoza. Mmenemo munthu ankalembetsa mawu oyamikira mfumu. M'mawa uliwonse wolengeza ankawerenga mawuwo pabwalo, mwini wake atagwada n'kumaomba m'manja, ndipo mfumu inkayankha kuti, "Zikhale choncho." Mwa mwambo wakale kuposa Tebulo, chilichonse chimene mfumu yayankha motero chinkasanduka lamulo. A Ndavomera anati kabokosi kameneko sikangakiyidwe, chifukwa chiyamiko cha anthu chinali chikukulabe. Bwalo linaomba m'manja.

Motero mayi Elube analemba kamzere kamodzi kotsekula timabokosi ta Zothokoza, ndi kena koteteza tebulo lonse. Mawu achinsinsi otsekulira inawalemba ndi mfumu yokha, ndi chala chimodzi, nduna zonse zitayang'ana kukhoma. Mayi Elube atapempha kuti iwasunge penapake, mfumu inati mfumu siiwala. Atabwereranso patapita masiku kukapempha kuti atsekule pang'ono, inati mfumu siikumbukira zinthu chifukwa choti wina wapempha. Pothokoza ntchito yawo, anawakweza n'kuwaika pa windo la ofesi ya kalembera, kuti azifotokozera anthu chifukwa chake palibe chimene chingachitike.

Chiyambire tsikulo mu ufumu simunamwalirenso munthu. Wailesi inalengeza zimenezi ndi ng'oma. Amene abale awo ankalimbikirabe kumwalira, ankakweza malirowo pa lole n'kukawaika kumidzi yakutali, kumene boma limafika nthawi ya msonkhano yokha.

Pa windo limeneli ndi pamene a Zakeyu anaima m'mawa uja, chipewa chili m'manja. Mayi Elube anawapepesa, n'kupeza mzere wa Nangozo. Anatembenuza kompyuta kuti bambowo aone okha. Analoza kabokosi kolembedwa ALIPO n'kudina batani. Kompyuta inalira kamodzi, n'kutulutsa mawu akuti kabokosi aka n'kotetezedwa. Anadinanso, ndipo inaliranso chimodzimodzi.

"Ndiye kuti chiyani, mayi?" anafunsa a Zakeyu.

"Ndiye kuti alipo, bambo."

"Ndawatseka maso ndekha."

"Ndikukukhulupirirani. Koma ine sindisindikiza zikalata. Amasindikiza ndi makinawa, ndipo iwo amafunsa kabokosi."

A Zakeyu anafunsa ngati panalibe njira ina, poti mayiwo ndiwo anakiya. Mayi Elube anayankha kuti mmisiri wopanga loko sakhala ndi kiyi wa nyumba ya mwini. Kulowera kumbuyo kwa pulogalamu kunali kotheka, koma bwalo linali litagamula kuti kumeneko n'kuthyola nyumba ya mfumu, ndipo iwo anali ndi ana. A Zakeyu anati akumvetsa. Anavala chipewa.

Anapita kuchipatala kukapempha malo m'nyumba yozizira yosungiramo maliro. Kumeneko anayang'ana m'Tebulo n'kuwauza mwaulemu kuti sangaike munthu wamoyo mufiriji. Atapempha kuti ndiye amugoneke m'wodi, anawauza kuti kabokosi kake sikakuonetsa kuti akudwala.

Atabwerera kunyumba anapeza adzukulu atakhala pansi pa mtengo, makasu atawatsamiritsa pakhoma. Mkulu wawo, a Bonongwe, anati anapita kumanda kukaona malo, ndipo wapolisi anawauza kuti kukumbira munthu wamoyo manda ndi mlandu wofuna kupha. Anawonjezera kuti pa zaka zawo zonse akumbira anthu ambiri amene ankayenda ngati amoyo, koma aka n'koyamba kuletsedwa kukumbira munthu wakufa. Anafunsa ngati nkhuku yawo idyedwabe.

Kutacha, a Zakeyu anatenga mlamu wawo, mayi Dalesi, mng'ono wake wa Nangozo, n'kupita kwa Nduna Yaikulu. A Ndavomera anawalandira bwino. Anayang'ana m'kompyuta, nkhope yawo n'kuwala, ndipo anagwira a Zakeyu chanza powafunira mafuno abwino chifukwa cha thanzi la akazi awo. Anati mabanja ambiri amapita kwa nduna ndi madandaulo, koma ili labwera ndi nkhani imene itafufuzidwa yapezeka kuti ndi yabwino. Anawachenjezanso mwachikondi kuti kunena kuti munthu wamwalira pamene Tebulo likuti alipo ndi kufalitsa mphekesera, koma poti ndi koyamba, awakhululukira. Mayi Dalesi anafunsa ngati Ndunayo ingakonde kubwera kunyumba kudzamupatsa moni mkulu wawoyo, makamaka madzulo kukatentha. A Ndavomera anati ntchito yachuluka.

Pobwerera anadzera kumsika kukagula nsalu yoyera. Shedi ya a Zakeyu inali yotseka, ndowa ndi mbaula zitamangidwa ndi waya. Anthu a pamsika anasonkhana kudzawapepesa, koma poti wapolisi wa pamsika anali pafupi, ankasamala mawu. Wogulitsa makala anati pepani ndi moyo umene wakugwerani. Mayi wa tomato anati kwawo kunamveka zofanana: mwana wa mchemwali wake wafika poyamba kukwawa koma sanabadwebe. Wosoka nsapato anati iye akudandaula kuti Tebulo linakiyidwa ali wosakwatira, ndipo mkazi wake wayamba kumuyang'ana ngati mlendo amene wakhalitsa. Wapolisi uja anamva zonse koma sanapezepo chomangira munthu. Wa makala uja, akugwedeza thumba, anati dziko lonse alimata ndi simenti, kabowo katsala n'kamodzi, kothokozera.

Mayi Dalesi anasiya kupinda nsalu. Anayang'ana mlamu wawo.

"Ndiye kathokozeni, alamu."

"Ndithokoze chiyani?"

"Chimene mukufunacho. Muthokoze ngati apereka kale. Akangoti zikhale choncho, wapolisi achotsa phazi pachipata."

Pamsika ponse ankadziwa kuti kabokosi ka Zothokoza ka a Zakeyu kanali kopanda kanthu chiyambire. Sanali munthu wandale, ndipo sananyozepo mfumu ngakhale kumowa. Ankangoti akadzapeza chothokoza adzapita. Nangozo ankawaseka nazo zimenezi, kuti mwamuna wake amathokoza ndi galu yemwe akamupatsa njira, koma mfumu ayi.

Mayi Dalesi anati ngati akuona kuti mawondo awo ndi a mtengo wapatali kuposa mkulu wawo, angonena, iwo akabwereke lole. A Zakeyu anati sizinali za mawondo. Anati munthu sathokoza pa zinthu zoterezi. Mayi Dalesi anati munthu saikanso mkazi wake kuchilendo atalonjeza, ndiye asankhe chimene munthu sachita chopepukirapo.

Atafika kunyumba anapeza mawindo onse atatsekulidwa, ndipo amayi ena anali atatuluka kukaimbira pakhonde. Wina anali atayatsa lubani. A Bonongwe anangobwera pafupi n'kunena motsitsa mawu kuti dzuwa ili silimvera Nduna ya Zanyengo, ndipo mawa likapendeka padzafunika kuchita chinachake, kaya ndi manda kaya ndi lole. A Zakeyu analowa m'nyumba, anakhalamo kanthawi, n'kutuluka atavalanso jekete.

Anapeza mayi Elube akutseka windo. Atamva chimene abwerera, anatsekulanso. Anapita kumapeto kwa mzere wa a Zakeyu, nadina kabokosi kopanda kanthu kaja, ndipo kompyuta sinalire. Anagwirizana mawu. Mayi Elube anafuna kuyamba ndi maina aulemu a mfumu, monga mwa chizolowezi: Dzuwa Losalowa, Mthunzi wa Onse, Mwini Mvula. A Zakeyu anafunsa ngati lamulo limafuna onsewo. Atamva kuti limafuna limodzi lokha, anasankha lalifupi.

M'mawa mwake bwalo linadzaza monga mwa masiku onse. Mfumu inakhala pampando pansi pa ambulera, nduna m'mbali, othokoza atandandalika kutsogolo pa fumbi. Wolengeza anayamba. Mphunzitsi wamkulu wina anathokoza mfumu chifukwa cha kutuluka kwa dzuwa m'dera lake. Zikhale choncho. Mwini golosale anathokoza chifukwa cha kumwetulira kwa mfumu pa chithunzi chatsopano. Zikhale choncho. Kenako wolengeza anatchula dzina la Zakeyu Kamtedza, ndipo bambo wa jekete anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Mthunzi wa Onse," anawerenga wolengeza ndi mawu amene ankawerengera zonse, "ndikuthokoza polola kuti mkazi wanga Nangozo, amene anamwalira, aikidwe lero m'manda a mumzinda, pafupi ndi mwana wake."

Kunkangomveka kuomba m'manja kwa munthu mmodzi. Nduna ya Zaumoyo inaimirira n'kunena kuti mawuwa akutsutsana ndi Tebulo, ndipo ngati aloledwa, mbiri ya ufumu wopanda imfa ithera pomwepo. A Ndavomera anawerama n'kukumbutsa mfumu kuti chiyambire ufumu palibe chiyamiko chimene chinakanidwapo, ndipo mfumu yokana kuthokozedwa ingaoneke ngati ikukayika ubwino wake. Nduna ziwirizo zinayang'anizana. Aliyense anaona kuti zikanakhala kale, imodzi ikanadikira kuti inzake ipite ku nkhomaliro.

Mfumu inayang'ana munthu wogwadayo.

"Ameneyu akundithokoza?"

"Akukuthokozani, mfumu," anatero a Ndavomera.

"Iwe, wakondwa?"

"Ndathokoza, mfumu," anatero a Zakeyu.

Mfumu inaganiza pang'ono. Inati sikukumbukira kuti inalola zimenezi, koma zimenezo zikungoonetsa kuti ubwino wake wakula kupitirira zimene iyo ingakumbukire. Inakweza litchowa lake.

"Zikhale choncho."

A Zakeyu anaombabe m'manja mpaka wolengeza atatchula dzina lotsatira, chifukwa mwambo unkatero. Kenako anadzuka, nasasa fumbi pa thalauza.

Wapolisi wa kumanda anatsekula chipata popanda chikalata, popeza mawu a mfumu safuna chidindo. Adzukulu anakumba msanga ngakhale dothi linali louma gwa. Nangozo anaikidwa dzuwa lisanapendeke, kumanzere kwa kamanda kakang'ono kamene mtanda wake wachitsulo anaukhoma ndi a Zakeyu eni ake. A Bonongwe anati sanaikepo munthu wathanzi chotere, ndipo mayi Dalesi, amene sanaseke chiyambire maliro, anaseka kenako n'kubisa nkhope mu chitenje.

Nkhaniyi inafika kumsika maliro asanabalalike. Sabata yotsatira mzere wa pa windo la mayi Elube unazungulira ofesi. Anthu anathokoza mfumu polola kuti ana awo abadwe. Wosoka nsapato uja anathokoza pomukwatitsa ndi mkazi wake. Mudzi wina unathokoza chifukwa chomanganso mlatho umene unakokoloka, ndipo mfumu inati zikhale choncho. Mlathowo sunamangidwe, koma tsopano unali wosamangidwa mophwanya lamulo, zimene anthu a m'mudzimo anati ndi chitukuko ndithu. Kuwerenga Zothokoza kunayamba kutenga tsiku lonse, moti bwalo linalibenso nthawi yokhazikitsa malamulo ena. Mfumu inauza alendo ochokera kunja kuti sinakondedwepo chonchi. Malinga ndi Tebulo, ufumu unakhalabe wopanda imfa, ndipo Nduna ya Zaumoyo inalandira mendulo. Manda okha ndi amene ankasowa malo.

Atameta maliro, a Zakeyu anamasula waya pa shedi yawo. Tsiku lina masana kunabwera mayi Elube atanyamula ndowa yodontha. Anati akanatha kugula ina ya pulasitiki, koma iyi inali ya mayi awo. A Zakeyu anawapatsa kampando.

Akudikira, mayi Elube ananena kuti kuli mphekesera yoti mfumu ikufuna kuwonjezera dzina lina laulemu m'kabokosi kake, ndipo yapeza kuti nayonso kompyuta ikuikaniza. Ngati ikumbukire mawu achinsinsi aja, kapena ngati ilamule kuti Tebulo lilembedwe mwatsopano, timabokosi tidzatsekuka ngakhale kwa tsiku limodzi. Anati zikadzatero, kabokosi koyamba kamene adzakonze ndi ka Nangozo, chifukwa nkhani ija inawakhala pamtima.

A Zakeyu anafunsa kuti panopa kalembedwa chiyani.

"Kadakali chomwecho, bambo. ALIPO."

Bambowo anakweza ndowa kuloza kudzuwa, natseka diso limodzi, n'kuizunguza pang'onopang'ono mpaka kadontho ka kuwala kanaonekera pansi pake. Anaikapo chala.

"Mudzayambe ndi ta anthu ena," anatero. "Kameneko musafulumire nako."

Anadula kachidutswa ka lata, nagoneka ndowa pa chitsulo, n'kutenga nyundo.